Mneni "Kunenepa" ndi Thupi la Mkazi: Ndemanga pa Kayankhulidwe ka Ofalitsa Nkhani, Poonera ku Chamama

1. Mau oyamba

Pepala lino likuunika m'mene ofalitsa nkhani m'Chicheŵa amayankhulira za mkazi wa thupi lalikulu. Ena angayese kuti nkhaniyi ndi ya madokotala kapena ya atelala, koma ife tikuiona kuti ndi ya chiyankhulo, pakuti chimene womvera wailesi amalandira ndi mau amene wolemba wasankha. Mfundo yathu ndi iyi: mneni mmodzi, kunenepa, akusenzetsedwa akatundu atatu osagwirizana. Kumudzi ndi mau oyamikira. M'mauthenga a zaumoyo wasanduka dzina la matenda. M'zisudzo ndi poyambira nthabwala. Omasulira amamutola mneniyu ngati dengu lopanda kanthu loti athiremo tanthauzo la Chingerezi, chonsecho denguli lidadzaza kale.

Zitsanzo zathu tazitenga ku Chamama, dera la alimi a fodya kum'maŵa kwa boma la Kasungu, pa zifukwa ziŵiri. Choyamba, Chicheŵa cha ku Kasungu chili ndi malo ake m'mbiri ya kalembedwe kathu. Buku la malamulo a chiyankhulochi limene Mark Hanna Watkins adasindikiza mu 1937 lidatsamira pa kayankhulidwe ka munthu mmodzi wa ku Kasungu, Kamuzu Banda, pamene anali wophunzira ku Chicago. Chachiŵiri, anthu a ku Chamama adaona njala ndi maso, ndipo tanthauzo la mau onena za thupi silimveka bwino kwa munthu amene sadaone thupi likutha.

2. Mau amene Chicheŵa chili nawo kale

Tiyambe ndi kapangidwe ka mneniyu. Mphatikiri -pa wa kumapeto timampezanso m'aneni monga kukalipa, wochokera ku tsinde la dzina ukali, ndiponso kuchepa ndi kuipa. Ntchito yake ndi kusandutsa mkhalidwe kuti ukhale mchitidwe. Tsinde lotsala, -nene, silimayenda palokha m'Chicheŵa, koma m'Chiganda ndi m'Chikikuyu limatanthauza "-kulu", ndipo m'Chiswahili muli -nene pamodzi ndi mneni kunenepa. Kotero pachiyambi penipeni kunenepa ndi kukhala wamkulu, ndipo mulibe mafuta m'mauŵa. Apa Chicheŵa chisiyana ndi Chingerezi, m'mene liu limodzi, fat, limatchula mafuta a nyama ndiponso munthu. Ife za mafuta timanena ndi mneni wina, kunona: nyama yonona, ndiwo zonona, ndi mwambi uja wakuti chonona chifumira kudzira. Kumuuza munthu wamkulu kuti wanona ndi chipongwe kapena chibwana, pakuti wamuika pamodzi ndi chodyedwa.

Kachiŵiri, tione nthaŵi ya mneni. Taonani ziganizo izi:

(1) Mwanenepatu, alamu! Akukusungani bwino achimwene.
(2) Mwaondatu, alamu. Kwagwanji?

Mneni wa m'chiganizo (1) ali m'nthaŵi imene imaonetsa kuti chinthu chachitika ndipo zotsatira zake zikadalipo. Wonenayo akuyerekeza mlamu wake ndi m'mene analiri pamene adaonana komaliza. Akunena za kusintha, ndipo kusinthako akukupezera chifukwa: chakudya chilipo, m'nyumba muli mtendere. Chiganizo (2) ndicho chimatsatidwa ndi funso la nkhaŵa. Liu la Chingerezi obese silitero. Ilo limaika munthu m'gulu, osafunsa kumene wachokera.

Kachitatu, Chicheŵa chimadziŵa kale kuti si kukula konse kwa thupi kumene kuli kwabwino. Tili ndi kutupa ndi kutupikana, ndipo palibe mayi wa kumudzi amene angasokoneze mwana wonenepa ndi mwana wotupikana. Tili ndi kujintcha ponena za thupi lodzaza ndi lamphamvu. Tili ndi wathupi, mau aulemu amene sayamika ndiponso sanyoza. Tili ndi mbina, dzina la chiŵalo chimene ambiri amachiŵerenga pakati pa zokongoletsa mkazi. Kumbali inayo kuli kuonda, kutuwa, kunyentchera ndi kupinimbira. Aliyense angaone mbali imene kwachuluka mau a mantha.

3. Kumene tanthauzo limachokera

Ku Chamama thupi limayenda ndi nyengo. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitatha, komanso ndiyo miyezi ya ntchito yoŵaŵa: kupalira, kubandira, kuthyola fodya, kusoka ndi kupachika m'zigafa, ntchito zimene gawo lake lalikulu limagwera amayi. Kwa zaka zambiri mabanja a matenanti m'maesiteti a ku Kasungu ankadya chimanga cha ngongole chimene mwini esiteti ankadula pa malipiro fodya akagulitsidwa. Matupi amabwerera pakati pa chaka, chimanga chitaloŵa m'nkhokwe ndipo ndalama za fodya zitafika. Munthu wonenepa mu Juni wakolola. Wonenepa mu Febuluwale ndiye kuti kwao sikugonedwa ndi njala.

Pamwamba pa nyengo pali mbiri. Njala ya 2001 mpaka 2002 idakantha kwambiri boma la Kasungu, ndipo mu Febuluwale 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'buku limene adalemba ndi Bryan Mealer mu 2009, akusimba za ulendo wake wa panjinga wokagula chimanga ku msika wa ADMARC wa ku Chamama komweko, kumene adapeza khamu la anthu likulimbirana. Amayi amene adaima pa mizere imeneyo ndiwo agogo ndi apongozi a lero, ndipo ndiwo amene amaphunzitsa ana tanthauzo la mau.

Padabweranso Edzi, imene idapezeka koyamba m'Malaŵi mu 1985. Limodzi mwa maina amene anthu adaitcha ndi kaliwondewonde, dzina lomangidwa pa mneni kuonda mobwereza. Kwa zaka pafupifupi makumi aŵiri, kufikira boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, mkazi woonda ankalozedwa chala, ndipo thupi lodzaza linkatengedwa molakwika ngati umboni wakuti munthu alibe kachilombo. Mankhwala atafika, miseche siidathe koma idasintha njira. Stavudine, amene adalekedwa pambuyo pake, ankaloŵetsa masaya ndi kuondetsa miyendo. Dolutegravir, amene dziko lino lidayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, amadziŵika kuti amaonjezera thupi kwa ena, makamaka akazi. Tsono mkazi amene wanenepa msanga angathenso kunong'onedwa. Mu m'badwo umodzi thupi la mkazi laŵerengedwa ngati kalata ya kuchipatala, poyamba likachepa, kenaka likakula.

Tidaona tokha m'mene matanthauzoŵa amaombanirana m'banja limodzi. Mtsikana wa pachibale pathu, wophunzira ku sekondale ya m'tauni, adapita kutchuthi ku Chamama. Azakhali ake adamlandira ndi nthungululu, nati, "Koma ndiye wanenepa, mwana wanga!" Mtsikanayo adaloŵa m'nyumba nalira, ndipo madzulo adakana nsima. Azakhaliwo adatifunsa chimene adalakwa. Aŵiriŵa amayankhula Chicheŵa chimodzi, koma mneni adamveka paŵiri, ndipo tanthauzo lachiŵirilo mtsikanayo sadaliphunzire kumudzi.

4. Uthenga wa zaumoyo ndi kumasulira kwake

Tisanadzudzule, tivomereze kuti a zaumoyo ali ndi chifukwa choyankhulira. Kafukufuku wa zaumoyo amene National Statistical Office idachita mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa akazi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, akazi 21 anali ndi thupi lopyola muyeso wa achipatala, kuŵirikiza kaŵiri poyerekeza ndi 1992. M'matauni anali 36 ndipo m'midzi 18. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndi enieni ndipo amapha. Koma kafukufuku yemweyo adapezanso kuti akazi 7 mwa 100 anali oonda mopitirira, ndipo ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Wailesi imodzi iyenera kuuza mudzi umodzi kuti ana adye mokwanira ndi kuti akuluakulu asamale kadyedwe, ndipo mauthenga onse aŵiri akudutsa pa mneni mmodzi.

Muyeso wa achipatalawo umapezeka pogaŵa makilogalamu a munthu ndi msinkhu wake wa m'mamita wochulukitsidwa ndi iwo wokha. Adauyamba Adolphe Quetelet wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1830 poŵerengera magulu a anthu a ku Ulaya, ndipo dzina lake la lero adaupatsa Ancel Keys mu 1972. Bungwe la World Health Organization limadula malire pa 25 ndi pa 30. Mayi wotalika mamita 1.6 amadutsa malire oyamba pa makilogalamu 64, ndipo achiŵiri pa makilogalamu 77. Mayi wa makilogalamu 64 ku Chamama palibe amene angamuone ngati wodwala. Apa omasulira akumana ndi maina aŵiri, overweight ndi obesity, amene ndi maina a manambala, ndipo kaŵirikaŵiri amawamasulira chonchi:

(3) Kunenepa kwambiri ndi matenda.
(4) Peŵani kulemera kwambiri.
(5) Zakudya izi ndi zonenepetsa.

Chiganizo (3) chili ndi vuto pa muonjezi kwambiri. Muonjeziyu amangochulukitsa, saweruza: timati zikomo kwambiri, wakolola kwambiri, ndi wokongola kwambiri. Akaphatikana ndi mneni woyamikira, zotsatira zake ndi chiyamiko chachikulu, ndipo womvera amamva ngati akuuzidwa kuti mtendere wochuluka ndi matenda. Chiganizo (4) chikulakwa koposa, pakuti kulemera ndi kukhala ndi makilogalamu ambiri komanso kukhala ndi chuma, ndipo muzu wake ndi womwewo wa ulemu ndi kulemekeza. Mlimi wa fodya amene wauzidwa kuti apeŵe kulemera ayenera kuseka. Chiganizo (5), cholembedwa ngati chenjezo, kwa mayi amene mwana wake akubwerera m'mbuyo pa sikelo chimamveka ngati langizo la zimene agule.

Pa chiganizo (5) pali chinthu china chofunika kwa okonza kalembedwe. Kunenepetsa kuli paŵiri: pali msintho wochititsa, monga ponena kuti gaga amanenepetsa nkhumba, ndipo pali msintho wosonyeza kunyanya, monga ponena kuti nkhumbayi yanenepetsa. Poyankhula, iŵiriyi imasiyana kamvekedwe, pakuti msintho wa kunyanya umakweza liu pamene wochititsa sukweza. Kalembedwe kathu sikaonetsa kukwera kwa liu, kotero muulutsi woŵerenga pepala la wina ayenera kuchita kulota chimene wolembayo amatanthauza.

Omasulira ena osamala amalemba kuti kunenepa monyanya kapena kunenepa kopitirira muyeso. Izi ndi zabwinopo, pakuti kunyanya kumaweruza. Komabe funso limatsala: muyeso wake wa yani? Womvera wa ku Chamama sadauone muyesowo, ndipo chimene amatola ndi chakuti munthu wa pa wailesi sakondwera ndi thupi lake.

5. Mphatikiri chi- ndi nthabwala

Tichoke ku chipatala tipite ku zisudzo. M'maseŵero ambiri a pa kanema, ndiponso m'timakanema toseketsa timene timayenda pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok, mkazi wathupi amapatsidwa mbali zodziŵika kale: mkazi wolongolola amene amamenya mwamuna wake wochepa thupi, mpongozi womaliza nsima, wokwera minibasi amene kondakitala afuna amlipiritse mipando iŵiri. Chida chachikulu cha nthabwalazi ndi mphatikiri wokuza:

(6) Amayi aja abwera.
(7) Chimayi chija chabwera.

M'chiganizo (7) mwachitika zinthu ziŵiri nthaŵi imodzi. Mphatikiri waulemu a- wachotsedwa, ndipo dzina lasamuka m'gulu la anthu kupita m'gulu la Chi-Zi-, kotero kuti agwirizanitsi onse a m'chiganizo ayamba kumutchula mayiyo monga timatchulira chinthu kapena chilombo. Sitikunena kuti gululi ndi lonyoza mwa ilo lokha, pakuti chiphadzuŵa ndi chimphona ali momwemo, ndipo mayi amatha kunyadira khanda lake nati chimwana changa. Chimene chimaŵaŵa ndi kuchotsedwa kwa ulemu pa munthu amene msinkhu wake umayenera ulemuwo, pamaso pa anthu ambiri. Tionenso kuti mwamuna wamimba yaikulu m'maseŵero omwewo amakhala bwana kapena mwini esiteti, ndipo a- wake samchotsera. Chimene malamulo a chiyankhulo amalola pa onse aŵiri, olemba maseŵero amachigwiritsa pa mkazi.

Kumbali ina kuli kuyamika kumene kumaoneka ngati kukoma mtima. Nyimbo zambiri za achinyamata ndi zithunzi zake zimatamanda mbina ndi chiuno, ndipo m'matauni mumamatidwa mapepala a asing'anga olonjeza kukulitsa ziŵalo zimenezi. Apa mkazi satchulidwa wathunthu. Chiŵalo ndicho chimakhala mwininkhani wa chiganizo. Kusiyana kwake ndi chiganizo (1) n'koonekeratu. Mlamu woyamikira uja amanena za moyo wa munthu, pamene woimba akunena za chimene maso ake akudya. Mu 2019 nduna ina ya zokopa alendo ku Uganda, Godfrey Kiwanda, idakhazikitsa mpikisano wa akazi athupi niwatchula pakati pa zinthu zokopa alendo, ndipo akazi ambiri a m'dzikomo adakwiya. Anali ndi chifukwa. Afirika sadaiŵale za Sarah Baartman, amene adaonetsedwa kwa anthu olipira ku London mu 1810 kamba ka maumbidwe a thupi lake, ndipo mafupa ake adabwezedwa kwao ku South Africa mu 2002.

6. Kulandira thupi lako: ganizo lobwera

Ku America ndi ku Ulaya kudabuka gulu lolimbikitsa anthu kulandira matupi awo. Bungwe loyamba lomenyera ufulu wa anthu onenepa ku America lidakhazikitsidwa mu 1969, ndipo mu 1978 Susie Orbach adasindikiza ku Britain buku lotchuka lofotokoza kuti nkhani ya kunenepa ndi nkhani ya ufulu wa akazi. Ganizoli lafika kuno kudzera pa intaneti, pamodzi ndi liu la ogulitsa zovala, plus-size, limene olemba athu amangolisiya m'Chingerezi pakati pa chiganizo cha Chicheŵa. Liuli lidabadwira m'masitolo a zovala zosokeratu, m'mene muli saizi yoyesedwa ya aliyense ndipo zina zonse ndi zoonjezera. Chitenje sichidziŵa saizi, ndipo telala wa pa Chamama amayeza munthu amene waima patsogolo pake. Kubwereka liuli ndi kubwerekanso ganizo lakuti thupi lalikulu ndi lopatuka pa chizoloŵezi.

Ganizo la kulandira thupi lako lili ndi phindu, koma lidapangidwira dziko limene wonyozedwa ndi wonenepa. Likamasuliridwa osasintha limauza agogo a ku Chamama chinthu chimene adachidziŵa kale, ndipo limaiŵala mkazi woonda, amene kumudzi ndiye amafunsidwa mafunso. Komanso tisadzinamize kuti mwambo wathu udzadziteteza wokha. Ku Fiji, kumene anthu ankayamikiranso thupi lodzaza, kanema adafika m'dera la Nadroga mu 1995. Anne Becker ndi anzake adapeza kuti pofika 1998 atsikana a sukulu pafupifupi 11 mwa 100 ankadzisanzitsa kuti asanenepe, pamene mu 1995 sadapeze ndi mmodzi yemwe. Kuno kanema wa boma adayamba mu 1999, ndipo lero zithunzi za kunja zimafika kumudzi pa foni. Misozi ya mtsikana tamtchula uja ikusonyeza kuti tanthauzo latsopano lafika kale. Mtsikana wa lero ali pakati: akaonda, mudzi umnong'ona, akanenepa, foni imseka.

7. Zimene tikupempha

Chicheŵa chidakwezedwa kukhala chiyankhulo cha dziko mu 1968. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies mu 1996, imene idatulutsa mtanthauziramau wa m'Chicheŵa chokhachokha mu 2000. M'zaka zonsezi mphamvu zambiri zapita ku kalembedwe ndi kupeka maina a zinthu zatsopano. Nkhani ya kunenepa ikutionetsa ntchito ina imene yatsalira, ndiyo kusamala mau akale pamene akupatsidwa ntchito yatsopano. Tikupempha zinthu zinai.

Choyamba, mauthenga a zaumoyo atchule matenda ndi zochita, asatchule maonekedwe. Kunena kuti "kayezetseni shuga ndi kuthamanga kwa magazi, chepetsani mchere, mafuta ophikira ndi zakumwa zotsekemera" kumamveka kwa wathupi ndi woonda yemwe, ndipo n'koona, pakuti matendaŵa amagwiranso anthu oonda. Pofunika kutchula muyeso wa achipatala, tinene za sikelo, liu limene mayi aliyense amalidziŵa: sikelo yakwera kupyola msinkhu. Potero chiweruzo chikhala pa nambala, ndipo mneni kunenepa atsala ndi ntchito yake.

Chachiŵiri, olemba mtanthauziramau asangolemba tanthauzo la kunenepa, kunona, kujintcha, kutupa ndi wathupi, koma asonyezenso amene amanena mauŵa, kwa yani, ndi pa nthaŵi yanji, kuti womasulira wokulira m'tauni adziŵe chimene wagwira.

Chachitatu, nyumba zoulutsira mau zimene zili ndi malamulo a kayankhulidwe ziikemo mphatikiri chi- wonena za munthu wamkulu, monga zimachitira ndi maina onyoza anthu olumala. Sitikuletsa nthabwala. Tikungofunsa olemba maseŵero ngati mkazi wathupi sangakhalenso mphunzitsi, namwino kapena mlimi amene nkhani yake siikhudza thupi lake.

Chachinai, mau alionse atsopano ayambe ayesedwa pa amayi eni ake, pa msika, pa chigayo ndi ku sikelo ya ana, asanapite pa wailesi. Buku la Watkins lija lidayambira pa kufunsa munthu wa ku Kasungu m'mene amanenera zinthu. Pa nkhani ino oyenera kufunsidwa ndi amayi a ku Chamama pamodzi ndi ana awo aakazi, ndipo womasulira alembe mayankho a onse aŵiri asanasankhe liu.